Miyendo Iyambe, Chibakera Chidikire

Anyamata inu a pa Jenda, ndi inu asungwana amene mwayamba kulowa nawo m'bwalo, khalani pansi pang'ono tikambirane za kung fu. Sindinabwere kudzakuletsani ayi. Ndimakuonani madzulo mukatuluka kovidiyo: wina akuponya mwendo kufuna kukhudza denga la khonde la golosale, wina akukuwa motsanzira Bruce Lee, wina waunjika njerwa kuseri kwa chigayo akuti aziswa ndi dzanja. Mphamvu zimenezo n'zabwino, ndipo ndikondwera kuti zikupita kumeneko m'malo mothera m'kachasu ndi m'chamba. Vuto lanu ndi limodzi, adzukulu anga: mwayambira kumapeto. Mukufuna chibakera ndi theche pamene miyendo yanu sinaphunzire kuima.

Anthu amene mumawatsanzirawo sanayambire pomwe mwayambira inupo. Jackie Chan anaperekedwa ku sukulu ya zisudzo ku Hong Kong ali mwana wa zaka pafupifupi 7, m'manja mwa mphunzitsi wolimba mtima dzina lake Yu Jim-yuen, ndipo anakhala kumeneko zaka 10, akudzuka kusanache, kudzitambasula, kugubuduka ndi kuima chadodolido. Jet Li anayamba ali ndi zaka 8 ku Beijing, ndipo pamene filimu ya Shaolin Temple inkatuluka mu 1982 n'kuti atapambana kale kangapo pa mipikisano ya dziko lonse la China. Bruce Lee, amene anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 32 zokha, anaphunzira Wing Chun kwa Ip Man ali mnyamata, ndipo atakula ankathera nthawi yambiri akuthamanga, kulumpha chingwe, kunyamula zitsulo ndi kuwerenga mabuku a nkhonya. Zimenezi kamera sikuonetsani, poti palibe angalipire pakhomo kuti akaonere munthu akuthamanga m'mamawa. Chimene mumaona ndi ndewu yokonzeratu. Aliyense amadziwa kumene chibakera chidzere, wogwa uja amalipidwa kuti agwe, wouluka uja amakhala atamangidwa zingwe m'chiuno, ndipo akaphonya amayambiranso mpaka zikongole. DJ womasulira uja akamathira nthabwala pamwamba sekani ndithu, koma muzidziwa kuti mukuonera chisudzo.

Dzina la Shaolin mumalitchula tsiku ndi tsiku, choncho ndi bwino mudziwe kumene likuchokera. Ndi kachisi wa Abuda amene anamangidwa m'chaka cha 495 m'mapiri a Song, m'chigawo cha Henan, pamene mfumu Xiaowen inafuna kupatsa malo mmonke wina wochokera ku India dzina lake Batuo. Anamangidwira mapemphero ndi kumasulira malemba, osati ndewu. Nkhani yoti mmonke Bodhidharma ndiye anayambitsa kung fu kumeneko ndi nthano imene inadzabwera patapita zaka mazanamazana. Chimene mbiri imasunga n'chakuti amonkewo anali ndi minda ndi chuma zoti ateteze, ndipo pofika nthawi ya ufumu wa Ming anali atatchuka ndi chida chimodzi, ndodo yaitali. Mu 1553 ena mwa iwo anatumidwa kukamenyana ndi achifwamba a panyanja amene ankasautsa midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mu 1928 mkulu wa asilikali Shi Yousan anatentha kachisiyo, mabuku ambiri n'kupsera momwemo. Lusolo silinapse nawo, chifukwa linali m'matupi a anthu amene ankalibwereza m'mawa uliwonse n'kulipereka kwa ana.

M'zaka zomwezo za achifwamba kunali kazembe wankhondo Qi Jiguang, amene cha m'ma 1560 analemba buku la kaphunzitsidwe ka asilikali. Munthu ameneyu anaona nkhondo yeniyeni, ndipo maganizo ake ndimawalemekeza. Iye ankaona kuti kumenyana ndi manja okha kulibe ntchito yaikulu pabwalo la nkhondo, koma n'kofunika chifukwa kumazoloweretsa manja ndi miyendo kufulumira, thupi n'kukonzekera kugwira chida. Ankanyansidwa ndi matembenuzidwe okometsera ongosangalatsa oonerera. Ndiye onani, kudandaula kwanga kwa lero Atchaina eni ake anakuyamba zaka zoposa 400 zapitazo.

Tsono tifike pa miyendo, poti apa m'pamene pagona nkhani. Mwana akalowa sukulu ya kung fu yeniyeni, miyezi yoyamba amathera pa zimene Atchaina amati jibengong, maziko. Choyamba ndi kaimidwe kotchedwa mabu, kofanana ndi ka munthu wokwera pahatchi. Mumatangadza miyendo kupitirira m'lifupi mwa mapewa, zala za kumapazi zitaloza kutsogolo, n'kutsitsa chiuno ngati mukukhala pampando umene palibe. Msana uwongoke, chifuwa chisatukumuke, mapewa agwe, zidendene zisanyamuke pansi. Mawondo aziloza kumene zala za kumapazi zaloza. Akagwera m'kati mukudziwonongera mawondo anu omwe, ndipo mudzazimva mukadzafika pa msinkhu wangawu. Muzipuma ndi mphuno, mpweya uzitsikira kumimba. Tsiku loyamba ntchafu zidzanjenjemera mphindi imodzi isanathe, ndipo pasakhale manyazi pamenepo. Imirirani, gwedezani miyendo, bwereraninso. Musathamangire kutsika kwambiri. Tsikani pang'onopang'ono pakupita kwa masabata, kaimidwe kasanapotoke.

Pali kaimidwe kena kotchedwa gongbu, mwendo wakutsogolo wopinda, wakumbuyo wowongoka ndi wokankha nthaka. Pali xubu, pamene thupi lonse limatsamira mwendo wakumbuyo, wakutsogolo n'kumangokhudza pansi ndi zala, wokonzeka kunyamuka. Pali pubu, pamene mumatsika mpaka pansi mwendo umodzi utatambasuka cham'mbali, ndi xiebu, kukhala pa miyendo yopingasa. Chovuta si kuima m'modzi mwa amenewa, koma kuchoka m'kaimidwe kena kulowa m'kena osadzandira, mutu osadumphadumpha. Aphunzitsi amayendetsa ana uku ndi uku pabwalo m'mawa wonse pa chinthu chokhachi.

N'chifukwa chiyani amavutika chotere? Chifukwa chibakera sichichokera m'dzanja. Chimayambira pa chidendene chimene chakankha nthaka, mphamvu n'kukwera m'mwendo, chiuno n'kuitembenuza, msana n'kuipereka kuphewa, dzanja n'kungoifikitsa. Womenya ndi mkono wokha amatopa msanga ndipo nkhonya yake ndi yopepuka. Woponya theche m'mwamba mwendo wotsalawo uli wofooka amangofunika kukankhidwa pang'ono, basi ali chagada. Inu ana a kuno ku Mzimba simuyenera kudabwa ndi zimenezi. Pitani ku Hora mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Umthetho, mukaonetsetse madoda akuvina ingoma. Musakayang'ane nthenga za kumutu kapena chishango, mukayang'ane phazi. Mdala wa imvi amanyamula mwendo modekha n'kuuponda pansi mpaka nthaka kuyankha, thupi lonse lili chilili, chibonga chili m'manja osagwedera. Mnyamata wongoyamba kumene amaponda ndi mphamvu zambiri koma phazi lake silimveka, chifukwa chiuno chake sichinakhazikike. Chimene mdala uja ali nacho ndi chomwecho chimene mphunzitsi wa ku Henan amafuna mwa mwana akamamuimika pa mabu.

Kudzitambasula nakonso kuli ndi mwambo wake. Kuno kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo minofu yozizira imang'ambika. Yambani mwathamanga kaye mpaka thukuta lioneke, kenaka muike mwendo pa chipupa chachifupi n'kuweramira pamenepo mofatsa. Mnzanu asakukhalireni pamsana kuti mutsike msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mumakonda kukangana kuti mtundu woposa unzake ndi uti. Mitundu ilipo yambirimbiri, ndipo uliwonse unabadwa poyankha funso lake. Atchaina amanena mwachidule kuti kumpoto n'kwa miyendo, kumwera n'kwa manja. Changquan ya kumpoto imatambasula thupi, imalumpha, imamenya patali. Mitundu ya kumwera, monga Hung Gar imene anaitchukitsa sing'anga Wong Fei-hung, ndi Choy Li Fut imene Chan Heung anayambitsa mu 1836, imaima motsika ndi molimba, mikono ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Wing Chun ndi ya pafupi kwambiri. Imateteza mzere wapakati pa thupi, kuchokera pamphuno kutsika pachifuwa, zigongono zili m'kati, nkhonya zikuyenda njira yachidule. Ili ndi mindandanda itatu yokha ya manja, ndipo woyamba, Siu Nim Tau, munthu amauchita ataima malo amodzi, phazi osasuntha. Ilinso ndi chi sao, pamene awiri amagundanitsa mikono n'kumaphunzira kumva ndi khungu kumene mnzawo akulowera maso asanaone. Anthu a mtundu umenewu amasimba kuti unayambitsidwa ndi mkazi; kaya nthanoyo ili bwanji, asungwana inu imvani kuti luso limeneli silidalira kukula kwa chifuwa. Xingyiquan imalowa molunjika, Baguazhang imayenda mozungulira, ndipo ilipo ina yotengera nyama: kambuku, njoka, nyani, chiswamphika. Otsanzira nyamawo sankafuna kuoneka ngati nyama. Ankafuna khalidwe lake, monga kugwira kolimba kwa kambuku kapena kukola dzanja la mdani mwachangu.

Ndipo musaseke mukaona okalamba akuyendetsa manja pang'onopang'ono ngati ali m'madzi. Imeneyo ndi Taijiquan, imene ambiri amati tai chi. Inakulira m'mudzi wa banja la Chen, ku Henan komweko, m'zaka za m'ma 1600, ndipo Yang Luchan ndiye anaifikitsa ku Beijing. Mu 1956 boma la China linakonza mndandanda waufupi wa mayendedwe 24 kuti aliyense athe kuphunzira, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kuyenda pang'onopang'ono n'kovuta kuposa kuthamanga, chifukwa cholakwa chilichonse chimaonekera poyera. Yesani kusamutsa thupi kuchoka pa mwendo wina kupita pa wina mukuwerenga mpaka 20, muone mmene mwendo ulirire. Mwa zonse za Atchaina, iyi ndi imene ndikanakonda kuti ifike kwa amayi anu ndi agogo anu, poti imalimbitsa miyendo ndi kuthandiza okalamba kuti asamagwe.

Koma pano ndikuuzeni chinthu chimene ena okonda kung fu safuna kumva. Mindandanda ija, imene amati taolu, ndi nkhokwe yosungiramo luso, ndipo ndi yokongola, koma payokha siphunzitsa munthu kumenyana. Mu 2017, mumzinda wa Chengdu, mphunzitsi wa tai chi Wei Lei anavomera kukumana ndi Xu Xiaodong, wozolowera nkhonya zosakaniza. Mphindi imodzi sinathe, mphunzitsi uja ali pansi ataphimba mutu. Ambiri ku China anakwiya, koma chimene chinaoneka n'chachidziwikire: munthu amene sanayambe waponyeredwapo nkhonya ndi wina wofunadi kumumenya amasokonezeka nkhonya yoyamba ikangofika. N'chifukwa chake pali sanda, pamene awiri amavala magolovesi, zoteteza mutu, mano ndi chifuwa, n'kumenyana ndi nkhonya, matheche ndi kugwetsana, woweruza ali pomwepo. Masewera a wushu a masiku ano, amene bungwe lake la dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1990, ali ndi mbali ziwiri zimenezi, taolu ndi sanda. Wofuna kukongola kwa mayendedwe ndi thanzi atenge taolu ndipo asachite nayo manyazi. Wofuna kudziwa ngati angathe kudziteteza ayenera kuyesedwa, koma ayesedwe ndi zoteteza, pamalo ofewa, pali wamkulu woti anene kuti basi. Zoyesana kuseri kwa msika opanda kanthu m'manja si maphunziro, ndi ndewu.

Za njerwa zija. Zoona, alipo amene amalimbitsa zikhatho, koma amayamba ndi kathumba ka nyemba, kumenya mopepuka, kupaka mankhwala ndi kusisita dzanja pambuyo pake, ndipo zimatenga zaka pansi pa diso la mphunzitsi. Dzanja lili ndi timafupa tating'onoting'ono tambiri, ndipo kamodzi kakathyoka n'kulumikizika mokhota, ndi mpaka kale. Dzanja limenelo ndi lomwe mudzalembere mayeso, kugwirira khasu, kuwongolera njinga ya kabaza, kusankhira tomato ndi anyezi pamsika. Musaligulitse chifukwa chofuna kuti anzanu akuombereni m'manja.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi ichi. Wina adzakuuzani kuti ali ndi mphini kapena chithumwa choti mpeni usalowe, ndipo adzakuuzani kuti amonke a ku China nawonso amakhwima chomwecho. Mverani zimene zinachitika mu 1900. Anyamata ambirimbiri a m'midzi ya kumpoto kwa China, amene azungu anawatcha ma Boxer, ankaphunzira nkhonya pamodzi ndi miyambo imene ankakhulupirira kuti iwasandutsa osalasika ndi zipolopolo. Anali ndi zifukwa zokwiyira, poti dziko lawo linkadyedwa ndi maiko akunja ndipo chilala chinali chitawasautsa. Anapita kukakumana ndi mfuti ali ndi malupanga ndi mikondo, ndipo anafa ochuluka zedi. Ambiri anali a msinkhu wanu womwewu. Zoonetsa zija za kupinda mkondo ndi khosi kapena kuswa chitsulo pamutu zili ndi njira yake ndi zida zake zosankhidwa, ndipo ochitawo amazikonzekera. Musaziyese, ndipo wokuuzani kuti thupi lingakane mpeni mutalikirane naye.

Nanga mphunzitsi mumupeza kuti? Luso limeneli lilipo m'dziko mwathu muno. Kufupi ndi Blantyre kuli Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene anayambitsidwa ndi mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, yemwe anafika mu Africa mu 1992 kudzayamba ntchito ya kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, ku Joni. Ana a kumeneko amadzuka kusanache, amaphunzira Chitchaina, chiphunzitso cha Abuda ndi kung fu ya Shaolin, ndipo ena afika poyenda maiko akunja kukaonetsa luso lawo. Ndi ana a Chimalawi, odya nsima ngati inu, ndipo chimene chawafikitsa pamenepo ndi kubwereza kwa tsiku ndi tsiku. Kutsidya uko ku Zambia, kumene msewu wathu wa ku Lundazi umaloza, ku Lusaka kuli malo a Shaolin kumene amonke ochokera ku China amaphunzitsa, ndipo mu 2023 kunachitikira mpikisano wa kung fu ya Shaolin wa maiko a mu Africa. Wushu inaikidwanso pa masewera a Olimpiki a achinyamata a ku Dakar a 2026. Khomo lilipo kwa wolimbikira.

Pali filimu ina imene ndikanakonda kuti eni mavidiyo akuonetseni, yotchedwa Buddha in Africa, imene Nicole Schafer anatulutsa mu 2019. Imatsata mnyamata wina wokulira ku Amitofo, katswiri wa kung fu, amene atafika pa msinkhu anapezeka ali pakati: uku aphunzitsi akufuna apite ku Taiwan, uku mudzi wa kwawo umene chilankhulo ndi miyambo yake zinali zitayamba kumutalikira. Nkhani imeneyo imandikhudza. Phunzirani za eni ake ndi ulemu wonse, muwatchule aphunzitsi anu shifu monga mwambo wawo ulili, koma musabwere kuno mukunyoza ingoma, kapena mukuchita manyazi kulankhula Chitumbuka ndi Chichewa pamaso pa alendo. Atchaina amene mukuwasirirawo afika pomwe alipo chifukwa chosunga za makolo awo.

Mphunzitsi woona mudzamudziwa ndi zinthu zochepa. Amatchula amene anamuphunzitsa ndi kumene anaphunzirira. Amayamba nanu pa miyendo, ngakhale mutanyinyirika. Ophunzira ake akale amayenda bwinobwino, mawondo ali amoyo. Salonjeza lamba wakuda pa miyezi itatu, ndiponso malamba amitundumitundu aja anayambira ku Japan, pa judo ndi karate. Sukulu zakale za ku China sizinkayendera zimenezo. Samenya ana pofuna kuonetsa ukatswiri wake, ndipo safuna kutsala yekha ndi mtsikana pambuyo pa maphunziro. Asungwana inu, wotero mukamuneneze kwa makolo tsiku lomwelo. Ngati pafupi pano pali wodziwa karate, taekwondo kapena nkhonya amene ali ndi khalidwe, phunzirani kwa iye. Mphunzitsi wamoyo wokonza phazi lanu ndi dzanja lake amaposa mavidiyo onse a pafoni, chifukwa foni singakuuzeni kuti bondo lanu lagwera m'kati.

Atchaina ali ndi chiphunzitso chimene amati wude, khalidwe la munthu wodziwa kumenya: kudzichepetsa, ulemu, chilungamo, kupirira, kulimba mtima. Aphunzitsi akale ankatha kumuyang'ana mwana nthawi yaitali asanamupatse luso loopsa, ndipo wamkamwa ndi wandewu ankamubweza. Sankachita zimenezi pofuna kuoneka oyera mtima. Ankadziwa chimene nkhonya imachita. Munthu womenyedwa pachibwano amagwa osadziteteza, ndipo mutu ukamenya phula la M1 kapena simenti ya pakhonde la bala, ena sadzukanso. Pamenepo khoti silidzafunsa kuti anayamba kutukwana ndani, ndipo amayi anu adzayamba kuyenda ndi kambale ka chakudya kupita kundende. Ambiri a inu mukulota za ku Joni, monga anapitira atate anu ndi amalume anu. Kumeneko wokuimitsani usiku amakhala ndi mpeni kapena mfuti, ndipo sakhala yekha. Mpatseni foniyo. Miyendo imene mwalimbitsa ija ikuthandizeni kuchokapo.

Ngati mwatsimikiza mtima, chitani chonchi. Musonkhane amene muli ndi chidwi, mupite kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu kapena kwa akuluakulu a mpingo mukapemphe bwalo, ndipo mupeze munthu wamkulu mmodzi woti azikhala nanu. Muzikumana m'mamawa musanapite kusukulu, kumunda kapena kumsika: kuthamanga, kudzitambasula, kaimidwe kasanu kaja, nkhonya zolunjika kuchokera m'chiuno, matheche otsika osapitirira m'chiuno, ndi kuphunzira kugwa paudzu chibwano chili pachifuwa. Muzidya nyemba, soya, mtedza, usipa ndi mazira akapezeka, poti thupi logwira ntchito chotere silingakhalire nsima ndi masamba okha. Ndalama zimene mukanalipira kovidiyo muzisonkha kwa msungichuma mpaka zikwane magolovesi awiri ndi zoteteza mano, ndipo zisanapezeke zimenezo pasakhale womenya mnzake kumutu. Mugwirizanenso lamulo limodzi lolembedwa: amene wamenya munthu kumsika, kusukulu kapena kunyumba, ayambe wakhala panja pa gulu mpaka akapepese pamaso pa makolo a womenyedwayo. Mvula ikadzagwa n'kusiya muli pamodzibe, mudzabwere tidzalembe kalata yopempha mphunzitsi kuti adzakuoneni.